Ndinachoka ku mpingo, koma mawu a abusa aja sakundichoka m'makutu

Tiyamike
Abale ndi alongo, ndakhala ndikungowerenga pa gulu pano osalemba kanthu, koma lero mundilole nditule zakukhosi. Ndinachoka ku mpingo umene unandilera mu uzimu. Ndi kumene ndinabatizidwa, ndinkaimba kwaya komweko, ndipo Loweruka ndinkasesa nawo tchalitchi. Chinatsitsa dzaye n'chakuti pa msonkhano wa atumiki ndinafunsa za ndalama zomangira tchalitchi chatsopano, poti chaka chinkatha china n'kulowa tikusonkhabe, koma khoma lili pomwe paja, pa mawindo. Ndinafunsa mwaulemu ndithu. Lamulungu lotsatira ulaliki wonse unali wa Kora, Datani ndi Abiramu, mmene nthaka inayasamira n'kuwameza. Dzina langa sanalitchule, koma aliyense ankadziwa wonenedwayo. Mayi amene tinkakhala benchi limodzi ananyamula chikwama chawo n'kusamukira kutsogolo ulaliki uli mkati. Potseka abusa anati aliyense wokhudza wodzozedwa wa Mulungu sadzaona tsiku labwino, mpingo wonse n'kuvomera kuti ameni. Madzulo ake ndinapezeka ndachotsedwa pa gulu la WhatsApp la kwaya.

Chimene chandilembetsa si ndalamazo ayi. Ndikatsegula Baibulo ndimamva mawu a abusa aja, kakwezedwe kawo ndi popumira pomwe. Ndikagwada, pemphero limauma m'kamwa. Mwana akangotentha thupi usiku, mtima umathamangira ku temberero lija. Yesu ndimamukondabe, kapena ndinene kuti ndikufuna kumukondabe, koma sindikuthanso kusiyanitsa kuti apa ndi Mulungu, apa ndi abusa. Zinasakanikirana. Kodi kumeneku ndiye kubwerera m'mbuyo? Alipo anadutsamo mu zoterezi n'kuyambanso kukula?

Mayi a Dalitso
Pepani kwambiri mwana wanga, ndawerenga misozi ikulengeza. Munthu wobwerera m'mbuyo sadandaula kuti pemphero likumuvuta, amangosiya basi, osakhudzika n'komwe. Inu mwavulala, ndipo amene anakuvulazani anagwiritsa ntchito mawu a Mulungu, n'chifukwa chake mukawakhudza mawuwo akukupwetekani. Musadziweruze. Tilipo ambiri muno amene tinatuluka pakhomo la tchalitchi miyendo ikunjenjemera.

Limbani
Achemwali, pepani pa zimene mukumva, koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye ndinena. Ahebri 13:17 akuti tizimvera atsogoleri athu chifukwa amayang'anira miyoyo yathu. Davide anapeza mpata wopha Sauli m'phanga, anyamata ake akumulimbikitsa, koma anakana chifukwa Sauli anali wodzozedwa, ngakhale anali woipa. Ngati abusa anadya ndalama, adzawafunsa ndi Mulungu amene anawaitana, osati ife nkhosa. Ine ndikuona kuti mtendere wanu uli pobwerera, mukapepese, akupempherereni temberero lichoke. Masiku ano munthu akangokhumudwa pang'ono basi wathawa mpingo, mapeto ake ndi chikhristu cha pa foni.

Abusa Opuma
Achimwene a Limbani, ine ndatumikira pa gome mpaka imvi mbuu, ndiye nkhaniyi ikundikhudza monga m'busa. Tiyeni titsegule malemba amene mwatchulawo ndi amene anakwapulira mlongo wathuyu, tiwerenge tokha, paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Mawu oti musakhudze odzozedwa anga ali pa Salmo 105:15. Mukayambira pa ndime 9 mupeza kuti akunena za Abrahamu, Isake ndi Yakobo, pamene anali anthu owerengeka, alendo oyendayenda kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina. Amene akudzudzulidwa pa ndime 14 ndi mafumu. Kumbukirani Farao pa Genesis 12 ndi Abimeleki pa Genesis 20, onse awiri anatenga Sara. Choncho pa ndimeyi Mulungu akuletsa amphamvu kupweteka anthu ake opanda mphamvu. Ife taitembenuza, wamphamvu ndiye akuigwira n'kumaopsezera wofooka. Komanso 1 Yohane 2:20 akuuza akhristu wamba kuti ali nako kudzoza kochokera kwa Woyerayo. A Tiyamike nawonso ndi odzozedwa, nanga amene anawatemberera pa gome sanawakhudze?

Za Davide, n'zoona sanaphe Sauli. Koma werengani 1 Samueli 24 mpaka kumapeto. Atatuluka m'phangamo anafuula, anaonetsa kansalu kamene anadula ku mkanjo wa mfumu, ndipo anamuuza Sauli maso ndi maso kuti mukusaka moyo wanga popanda chifukwa, Yehova aweruze pakati pa ine ndi inu. Sauli analira, anavomera kuti walakwa. Kodi Davide anabwerera naye kunyumba yachifumu? Ayi. Ndime yomaliza ikuti Sauli anapita kwawo, Davide ndi anthu ake anakwera kunka ku linga. Kusakhudza kwa Davide kunali kusapha. Kulankhula analankhula, kuthawa anathawa.

Kora uja ankafuna unsembe, Mose akunena yekha pa Numeri 16:10. Sanafunse za chuma. Ndipo pa ndime 15 Mose akuuza Yehova kuti sindinawalande ngakhale bulu mmodzi. M'busa amene akufuna kulalikira za Kora ayambe waima pamene Mose anaima, anene mawu amenewo mpingo ukumva, mabuku a chuma ali otsegula. Paulo, mtumwi weniweni, posonkhetsa thandizo la abale a ku Yerusalemu sanafune kunyamula thumba yekha. Pa 2 Akorinto 8:18-21 akuti mipingo inasankha mbale woti ayende nawo kuti pasapezeke wowanena, chifukwa ankafuna kuchita zabwino pamaso pa Ambuye ndi pamaso pa anthu pomwe. Funso limene mlongoyu anafunsa, Paulo analiyankha asanafunsidwe.

Limbani
Ndamva abusa. Nanga Ahebri 13:17 tiifufute?

Abusa Opuma
Tisaifufute ayi, tiiwerenge pamodzi ndi 1 Petro 5:3 imene ikuletsa akulu kuchita ufumu pa nkhosa, ndi Ezekieli 34 pamene Mulungu akuti ali kutsutsana ndi abusa odzidyetsa okha, osamanga yothyoka, olamulira mwankhanza, ndipo adzalanditsa nkhosa zake m'kamwa mwawo. Onani bwino, nkhosa zobalalikazo sakuzifunsa kuti mwathawiranji. Akuti adzazifunafuna yekha. Ndime ya Ahebri yomweyo ikuti atsogoleriwo adzayankha mlandu. Kumvera kulipo, koma kuli ndi malire, ndipo munthu akakapepesa chifukwa chofunsa funso loona, mpingo wonse waphunzira kuti wina asadzafunsenso.

Thokozani
Inu mukuvutikiranji ndi mavesi? Zonsezi ndi malonda basi. Mayi anga ali ndi matenda a shuga. Mneneri wina anawauza kuti achiritsidwa, kumwa mankhwala ndi kukayika Mulungu, abzale mbewu azimwa madzi odalitsidwa. Tinawatola pansi m'bafa atakomoka, milomo itauma gwa. Ali m'chipatala mneneriyo sanabwere, ngakhale foni sanaimbe, koma atatuluka anauzidwa kuti chinachepa ndi chikhulupiriro chawo, ndipo mpaka lero amapitabe konko, envulopu m'manja. Ine ndinasiya zonse. Ku Jonestown, m'dziko la Guyana, anthu oposa 900 anafa tsiku limodzi mu 1978 pomvera Jim Jones, ana omwe. Ku Shakahola, ku Kenya, kuyambira mu 2023 anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu amene anauzidwa kuti asale kudya akakumane ndi Yesu. Anthu amenewo sanali zitsiru. Anangophunzitsidwa pang'onopang'ono kuti kufunsa ndi tchimo. Ndiye a Limbani mukamati munthu abwerere akapepese, ine mukundipsetsa mtima.

Woyang'anira gulu
Tikumbutsane abale, osatchula dzina la mpingo kapena la m'busa amene munasemphana naye, ndipo osanyozana. A Thokozani, ndinu olandiridwa muno ngakhale mwati munasiya, ululu wanu ndi woona. A Limbani nawonso tiwamve, chifukwa zimene akufunsazo ambiri ali nazo mumtima.

Chifundo
Achemwali a Tiyamike, ine ndiyankhe za pemphero louma ndi mantha a usikuwo, poti ndinakhalamo nthawi yaitali. Kwa ine inali nyimbo. Panali korasi ina imene ankaimbitsa poitanira anthu kutsogolo kuti awaulule machimo pa maikolofoni. Nditachoka, ndikangoimva ngakhale pa wailesi, m'manja munkatuluka thukuta, m'mimba n'kumapotokola, miyendo kufuna kuthawa. Ndinkayesa chiwanda. Anandithandiza ndi mayi wina wophunzira za uphungu. Anandifotokozera kuti thupi limasunga zoopsa zimene linakumana nazo, ndipo likamva mawu kapena fungo lofanana ndi la tsiku lija, limachenjeza ngati ngoziyo yabweranso. Si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ngati tulo tikukusowani, kapena maganizo oti bola kufa ayamba kubwera, pitani kwa aphungu kapena kuchipatala osazengereza, Mulungu sakhumudwa nazo.

Taonani Eliya pa 1 Mafumu 19. Atathawa Yezebeli anakhala pansi pa kamtengo n'kupempha kufa. Mngelo sanamulalikire. Anamudzutsa kuti adye, Eliya anagonanso, anamudzutsanso kuti adye chifukwa ulendo ndi wautali. Zolankhulana ndi Mulungu zinabwera pambuyo pake ku Horebu, ndipo Yehova sanali mu mphepo, mu chivomezi kapena m'moto.

Za Baibulo, ine ndinasiya kaye mitu imene ankatikwapulira, Malaki 3 wa za chakhumi ndi ina yotero. Ndinatenga Baibulo la kamasuliridwe kena, lopanda mizere ndi zolemba zanga za ku maulaliki aja, n'kuyamba Marko, mokweza, ndi mawu angaanga, ndime zochepa basi. Poyamba mawu a abusa ankabwerabe pamwamba pa anga. M'kupita kwa nthawi ndinayamba kuona kuti Yesu wa mu Marko kawirikawiri amalimbana ndi atsogoleri achipembedzo, koma mayi wokha magazi amene anamukhudza mobisa uja akumutcha mwana wanga. Popemphera ndinkabwereka Masalmo. Salmo 55:12-14 ndi la munthu amene wapwetekedwa, osati ndi mdani, koma ndi mnzake amene ankapita naye limodzi ku nyumba ya Mulungu. Salmo 88 limathera mu mdima, palibe aleluya kumapeto kwake, koma lili m'Baibulo momwemo. Ngati limenelo Mulungu analilandira, lanu louma salikana.

Temberero lija, Miyambo 26:2 ikuti lopanda chifukwa silitera pa munthu, limangouluka ngati mpheta ndi namzeze. Balamu anaitanidwa ndi mfumu kuti atemberere Israeli, koma pa Numeri 23:8 akuti ndingatemberere bwanji amene Mulungu sanamutemberere. Mwana akatentha thupi mupempherereni n'kupita naye kuchipatala, monga munkachitira kale abusawo asanalankhule.

Kondwani
Mwatchula Malaki 3 mwandikhudza. Ine kumene ndinali ankawerenga maina a osapereka chakhumi pa gome. Mwezi wina ndinapereka ndalama ya sukulu ya mwana poopa kutchulidwa kuti ndine wakuba. Mpaka pano ndikalandira malipiro ndimayamba mantha ndisanayambe kuthokoza.

Abusa Opuma
Kupereka ndi kwabwino achimwene, ndipo mpingo suyenda popanda chopereka. Koma 2 Akorinto 9:7 akuti munthu apereke monga watsimikiza mumtima, osati mokakamizidwa. Pa Marko 7 Yesu akudzudzula aphunzitsi amene ankalola munthu kunena kuti chuma changa ndi Korban, chaperekedwa kwa Mulungu, n'kusiya makolo ake akuvutika. Akuti potero ankapha mawu a Mulungu. Simoni wamatsenga uja atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamuuza kuti ndalama zakozo ziwonongeke nawe pamodzi. Mwana apite kusukulu, ndipo mudzapereke pamene dzanja likutambasuka lokha.

Tiyamike
Zikomo nonse. Salmo 55 ndaliwerenga pompano, ndalira ngati mwana. Ndili ndi funso lina limene ndimachita nalo manyazi. Anandibatiza ndi abusa omwewo, ukwati wanga anadalitsa ndi iwo, ndipo tsiku limene ndinapereka moyo wanga kwa Yesu ankalalikira ndi iwo. Ngati ali munthu wotere, zonsezo zinali zenizeni? Nthawi zina ndimaganiza zokabatizidwanso kuti ndichotse dzanja lawo pamutu panga.

Mphatso
Funso limenelo si lachilendo achemwali, mpingo unalimbana nalo kalekale. Mfumu ya Roma, Diocletian, itayamba kuzunza akhristu mu 303, atsogoleri ena a mpingo kumpoto kwa Africa anapereka mabuku opatulika kuti aotchedwe pofuna kupulumutsa moyo wawo. Chizunzo chitatha panabuka gulu lotsatira bishopu Donatus, limene linkati ubatizo wochitidwa ndi m'busa wodetsedwa ndi wopanda pake, munthu abatizidwenso. Augustine, bishopu wa ku Hippo, anatsutsa zimenezo kwa zaka zambiri, ndipo mu 411 kunachitika msonkhano waukulu ku Carthage pa mkangano womwewu. Mfundo yake inali yoti kaya akubatiza ndi Petro, kaya Paulo, kaya Yudasi, wobatiza weniweni ndi Khristu. Mipingo yambiri mpaka lero imagwira pamenepo. Paulo nayenso pa Afilipi 1:15-18 akuti ena amalalikira Khristu chifukwa cha kaduka ndi ndewu, komabe Khristu akulalikidwa. Amene munamuyankha tsiku lija ndi Yesu, ndipo dzina limene linatchulidwa pamadzi paja si la abusa. Mipingo imasiyana pa zobatizanso, mukadzapeza kokhazikika mudzakambirane ndi atsogoleri a kumeneko, koma musadzachite chifukwa choopa kuti choyambacho chinali chabodza.

Woyang'anira gulu
Uthenga uwu wabwera kumbali, mwini wake wapempha kuti dzina lisaoneke. Ndauika momwe ulili:

"Ine yanga ndi yolemera kuposa ya ndalama. Ndinapita kwa mtsogoleri wathu kukalandira uphungu banja langa litagwedezeka. Ankatseka chitseko cha ofesi, ankati pemphero la mamasulidwe limafuna kusanjika manja pamene pali vuto. Tsiku lina anachita zimene sindingathe kulemba pano. Nditauza akulu a mpingo anandifunsa kuti ndinavala chiyani, kenako anati Mateyu 18 akuti ndipite ndekha kwa iye tikakambirane awiri. Amayi anzanga anati ndikhululuke, ndisachititse manyazi thupi la Khristu, ndikumbukire mkazi wake ndi ana. Iye akulalikirabe, ndipo atsikana akulowabe mu ofesi muja. Ndimauzidwa kuti ndikapanda kukhululuka Mulungu sandikhululukira. Ndayesetsa, koma ndikamuona ndimanjenjemera. Kodi ndiye kuti sindinakhululuke?"

Mayi a Dalitso
Mwana wanga, ine ndikukukhulupirirani. Tchimolo si lanu, ndipo chovala chanu sichikulowapo. Manyazi pa thupi la Khristu anabweretsa ndi iyeyo, osati inu amene mwanena. Mawu amene akukuuzaniwo ndi omwe Abisalomu anauza Tamara pa 2 Samueli 13, kuti khala chete mlongo wanga, usaziike kumtima. Davide anamva, anakwiya, koma sanachitepo kanthu, ndipo Tamara anakhala wosweka mtima m'nyumba ya Abisalomu. Chete ameneyo sanapulumutse banja, patapita zaka ziwiri anabala kuphana.

Zimene anakuchitiranizo ndi mlandu, ndipo mlandu umapita kupolisi ndi ku mabungwe othandiza amayi ochitiridwa nkhanza. Nthawi yake musankhe nokha, ife tisakukakamizeni, koma pezani munthu mmodzi wodalirika wa kunja kwa mpingowo woti akuperekezeni, ndipo mauthenga aliwonse amene anakutumizirani pa foni musafufute.

Kunjenjemera si kusakhululuka. Yosefe sanabwezere abale ake, koma sanadziulule tsiku loyamba, anayamba wawayesa kuti aone ngati anasintha, mpaka Yuda anadzipereka m'malo mwa Benjamini. Paulo pa 2 Timoteo 4:14-15 akusiya Alesandro wosula mkuwa m'manja mwa Ambuye, ndime yotsatirayo n'kuuza Timoteo kuti achenjere naye. Kusiyira Mulungu kubwezera ndi kuchenjeza ena zili moyandikana chonchi. Kukhululuka mungakhululuke muli kutali, koma kumukhulupiriranso palibe lemba limene likukulamulani.

Mphatso
Kubisa kumeneku kwawonongetsa anthu m'mipingo ya mitundu yonse. Mu 2002 nyuzipepala ya Boston Globe inaulula mmene ansembe ogwirira ana ankangosamutsidwa kuchoka parishi ina kupita ina, ndipo Kadinala Bernard Law anatula udindo mu Disembala chaka chomwecho. Mlaliki Ravi Zacharias ankalemekezedwa m'maiko ambiri. Mayi wina atamunena, utumiki wake unaikira kumbuyo mlalikiyo. Zacharias anamwalira mu Meyi 2020, ndipo mu Febuluwale 2021 kafukufuku amene utumiki womwewo unalamula anapeza kuti ankachitira amayi nkhanza zogonana kwa zaka zambiri. Amene ankati tisachititse manyazi dzina la Ambuye anangochulukitsa ovulala.

Abusa Opuma
Mlongo wobisa dzina, Mateyu 18 Yesu sanaupereke kuti wochitiridwa nkhanza abwezedwe yekha m'chipinda cha womuchitirayo. M'mutu womwewo, pa ndime 6, ndi pamene akunena za mphero yomangidwa m'khosi mwa wokhumudwitsa aang'ono. Za mkulu wa mpingo, 1 Timoteo 5:19-20 akuti mlandu ufufuzidwe ndi mboni, ndipo wochimwayo adzudzulidwe pamaso pa onse kuti ena aope. Akulu amene anakufunsani za chovala analephera ntchito imene anaikidwira. Musapitenso mu ofesi imeneyo, ngakhale atakuitanani kuti akufuna kupepesa.

Limbani
Pa nkhani ya mlongoyu ndilibe mawu, munthu ameneyo achotsedwe pa gome ndipo lamulo ligwire ntchito. Koma nkhawa yanga ikadalipo. Ahebri 10:25 akuti tisaleke kusonkhana. Ndaona anzanga amene anati akupuma kaye, lero zaka zapita, Baibulo lili fumbi lokhalokha, ana awo sadziwa n'komwe Pemphero la Ambuye. Chikhristu cha wekha kulibe. Mgonero ungadye wekha? Tikamauza anthu kuti chokani, tiziwauzanso kolowera.

Pemphero
Apa a Limbani mwanena zoona, ndipo ndi pamene pamavuta. Pa Yohane 9 munthu wobadwa wakhungu uja atamutulutsa kunja chifukwa chokana kunyoza amene anamuchiritsa, ndime 35 ikuti Yesu atamva anam'peza. Kunjako ndi kumene anamudziwa bwino n'kumugwadira. Ndiye nyengo ya kunja si yotayika, koma si kokhalitsa.

Ine ndinayamba ndi anthu awiri atatu pakhomo, kuwerenga ndi kupemphererana. Kenako ndinayamba kulowa m'tchalitchi china, kukhala kumbuyo pafupi ndi khomo, kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Ndinkatchera khutu pa zinthu zimene kale sindinkazilabadira. Anthu amene anachoka amawanena bwanji? Pa 3 Yohane pali Diotrefe, wokonda kukhala woyamba, amene ankanenera anzake zamwano ndi kuchotsa mu mpingo aliyense wofuna kulandira abale. Kumene onse ochoka ndi oukira ndi a mzimu wa Yezebeli, dziwani kuti inunso dzina lanu lakonzedwa kale. Ndinkaonanso ngati msungichuma amawerenga lipoti anthu n'kufunsa momasuka, ndiponso ngati alipo amene angawakhazike pansi abusa n'kuwauza kuti apa mwalakwa. Koma chimene chinandigwira mtima n'chaching'ono. Atandipempha kuti ndithandize ku Sande sukulu ndinati ayi, sindinakonzeke. Mkulu wa mpingoyo anangoti chabwino, tikuthokoza kuti mumabwera, ndipo sabata yotsatira anandipatsa moni chimodzimodzi. Ndinakalira kunyumba, chifukwa kumene ndinachokera munthu ukati ayi unkaona zakuda.

Za kukula kumene a Tiyamike anafunsa, kale ndinkayeza ndi masiku osala kudya, mapemphero a usiku wonse, kugwa pansi akandisanjika manja ndi kuchuluka kwa maudindo. Ndinali wotanganidwa koma wamantha. Aefeso 4:14-15 akuti kukula ndi kusakhalanso makanda otengeka ndi mphepo iliyonse ya chiphunzitso, ndi kunena zoona mwachikondi. Anthu a ku Bereya anayamikiridwa chifukwa ankafufuza m'malemba tsiku ndi tsiku ngati zimene ankamva zinali zoona, ndipo amene ankawalalikira anali Paulo amene! Lero ndikamva ulaliki ndimawerenga ndime za pamwamba ndi za pansi pa imene yatchulidwayo, ndipo ndimapemphera mwachidule kuposa kale, koma osanama.

Tiyamike
A Pemphero, zokhala kumbuyo pafupi ndi khomo zandipepukira. Ndimaganiza kuti ndikalowa kwina ndiyenera kuyambiratu kwaya ndi zonse. A Mphatso zikomo, za Augustine sindinkazidziwa. Mlongo wobisa dzina, ndikukupemphererani ndi pemphero langa louma lomweli.

Thokozani
Ine zolowanso m'tchalitchi musandiwerengere, sindinafikepo ndipo kaya ndidzafika. Koma ndifunse poti muno muli anthu odziwa. Mayi anga aja ndiwatulutse bwanji? Ndikangotchula mneneri wawo amalowa kuchipinda n'kutseka chitseko, amati satana akulankhula kudzera mwa ine. Anauzidwa kale kuti adani awo ali m'nyumba mwawo momwe.

Chifundo
Achimwene, msampha uli pamenepo. Anawakonzeratu kuti wa m'banja akadzatsutsa, umenewo ndiwo umboni woti mneneri ananena zoona, ndiye mukamalimbana naye mukumulimbitsa. Ine anandithandiza kutuluka ndi mkulu wanga, koma abusa anga sankawatchula n'komwe. Ankangobwera, kundithandiza kuchapa, kundifunsa ngati ndagona bwino, nthawi zina n'kuponya kafunso kamodzi, monga kuti kodi uja munkaimba naye uja anapita kuti, n'kusiyira pomwepo. Tsiku limene zinandiipira ndinadziwa khomo loti ndigogode. Kwa mayi anu nkhondo yoyamba ndi ya mankhwala, ya mneneri ibwere pambuyo. Musawauze kuti asankhe pakati pa pemphero ndi mankhwala, chifukwa asankha pemphero. Akumbutseni kuti Luka amene analemba uthenga wabwino anali dokotala, Akolose 4:14, ndipo Yesaya amene anauza Hezekiya kuti Mulungu wamva pemphero lake ndi yemwenso analamula kuti aike nkhuyu pa chithupsa, 2 Mafumu 20:7. Kodi pakali pano akumwa, kapena asiyanso?

Thokozani
Amamwa ine ndikakhalapo. Ndikachoka sindidziwa.

Mayi a Dalitso
Ndiye musanyamule nokha achimwene. Funani munthu wopemphera amene mayi amamulemekeza, kaya mchemwali wawo kaya mnzawo wakale, ameneyo ndiye azipita nawo kukayezetsa shuga, poti mawu omwewo akachokera kwa iye sadzamveka ngati a mdani. Adokotala auzidwe poyera kuti mankhwala anasiyidwapo ndi chifukwa chake, asamangowonjezera mlingo poganiza kuti sakugwira ntchito. Ndipo onse a m'nyumbamo adziwe kuti akaona ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kufooka kapena kusokonezeka mutu, athamangire nawo kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti inu mubwere.